Monita ikakana kuonetsa, yambani mwafunsa waya

Mwezi wa Novembala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, anandipeza pa shopu yanga pa Kamuzu Road aphunzitsi ena ochokera cha ku Lifuwu. Anatsika pa njinga yamoto ya kabaza atafukata monita yokulungidwa m'chitenje ngati khanda lodwala. "Achimwene, yafa iyi. Mayeso a ana akufunika Lolemba. Mundiuze ngati ingakonzeke, apo ayi ndikauze a komiti apeze ndalama tigule ina." Ndinailumikiza ku kompyuta yanga ndi waya wanga, pompo inayaka mbee. Nditafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga waya wake ali kuti?" anati anamusiya ku ofesi, poti iwo amaona kuti yodwala ndi monita. Mawa lake anatuma mnyamata kubweretsa wayayo, ndipo kumutu kwake tinapeza timano tiwiri titapindika n'kugonerana.

Nkhani ngati iyi ndimakumana nayo mobwerezabwereza, ndipo chimandiwawa ndi ndalama ya kabaza imene anthu amataya, komanso mamonita abwinobwino amene aunjikidwa m'masitolo a masukulu ndi m'maofesi atalembedwa kuti ndi akufa. Kuno ku Salima zida zambiri tinagula zogwiritsidwa kale ntchito, zina ndi zamphatso, ndipo sitolo yokhala ndi zonse ili ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Choncho musanakwere minibasi, tiyeni tifufuze pamodzi. Lamulo langa ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira chotsika mtengo. Mukasintha waya, soketi ndi kompyuta zonse pakamodzi, ngakhale iyake simudziwa chimene chinalakwika, ndipo vutolo libweranso sabata yamawa.

Choyamba yang'anani kagetsi kakang'ono kamene kali pansi pa sikirini, pafupi ndi batani loyatsira. Kameneka n'kamene kamakuuzani koyambira.

Ngati kagetsiko kali zii, monita sikulandira moto. Musaganize za kompyuta, khalani kukhoma. Chotsani monita pa ekisitenshoni muilowetse pa soketi yeniyeni imene mwaiyesa ndi tchaja ya foni. Maekisitenshoni otchipa a m'misika amakhwepa m'kati, bowo lina limagwira lina ayi, ndipo ndaonapo angapo atadzaza nyerere. Kenako waya wa magetsi. Mamonita ambiri amagwiritsa waya wonenepa wa mabowo atatu, wofanana ndendende ndi wa CPU (bokosi la kompyuta) kapena wa ketulo zina, ndiye zulani wa CPU muyesere pa monita. Mukankhireni mpaka alowe yense, chifukwa nthawi zambiri amakhala atasololoka pang'ono posesa. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi m'kati, ndipo ya monita imakhala ya 3A kapena 5A. Ikapsa gulani ina. Chonde musakulunge fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya kapena kumangapo kawaya. Fyuzi imapsa pofuna kuti chipangizo chisapse, ndiye mukaitseka njira imeneyi chotsatira kupsa ndi monitayo, mwinanso nyumba.

Mamonita opyapyala ambiri salandira moto mwachindunji, amadzera pa adaputa ngati ya laputopu. Apa anthu amalakwitsa kwambiri. Adaputa ikafa amatola iliyonse imene kamutu kake kalowa. Tembenuzani monita muwerenge chomata chakumbuyo: ena amafuna 12V, ambiri a Samsung 14V, ambiri a LG 19V. Mavoti ayenera kufanana ndendende. Ma ampu a adaputa akhale ofanana kapena oposerapo, osati ochepera. Mukaika ya 19V pa monita ya 12V, mwaiotcha nokha.

Tsopano tiyeni pa vuto lenileni, limene linabweretsa aphunzitsi aja. Kagetsi kayaka, mwina kachikasu kapena kakuphethira, ndipo pa sikirini pabwera mawu akuti "No Signal" kapena "Check Signal Cable", kenako mdima. Mukaona mawu amenewa mtima ukhale pansi. Amene akulemba mawuwo ndi monitayo, osati kompyuta. Ndiye kuti moto ikulandira, magetsi ake a m'kati akuyaka, sikirini ili moyo. Ikungodandaula kuti palibe chikuifika.

Dinani batani lolembedwa Source kapena Input. Monita yokhala ndi mabowo awiri kapena atatu imamvera limodzi pa nthawi, ndipo mwana akangodina batani ija imakadikira ku bowo la HDMI pamene waya ali ku bowo la VGA. Kenako pitani kuseri kwa CPU. Ngati muli khadi ya zithunzi yoikidwa payokha, mupeza malo awiri olowetsa waya wa monita: ena m'mwamba pafupi ndi mabowo a USB, ena m'munsi chopingasa. Waya alowe m'munsimo, pa khadiyo. Izi zimachitika kawirikawiri anthu akasamutsa ofesi kapena akatulutsa katundu pokolopa.

Waya wa VGA, wa mutu wabuluu ndi tizomangira tiwiri m'mbali, ndiye ali ponseponse kuno ngakhale ndi wakalekale, anayamba ndi makompyuta a IBM mu 1987. Ali ndi timano 15 m'mizere itatu, ndipo n'tofewa zedi. Zulani, muunike ndi tochi ya foni. Dzino loyamba limanyamula mtundu wofiira, lachiwiri wobiriwira, lachitatu wabuluu. N'chifukwa chake mtundu wa sikirini umakuululirani dzino lovuta. Zonse zikaoneka zapinki, wobiriwira sukufika. Zikaoneka zachikasu, wasowa ndi wabuluu. Zikakhala zobiriwira motuwa ngati madzi a m'nyanja, wofiira wadukira panjira. Anthu ambiri akaona pinki amati sikirini yapsa ndi dzuwa, pamene ndi dzino limodzi lokha. Mano a nambala 13 ndi 14, mu mzere wachitatu, ndi amene amagwira chithunzi kuti chikhazikike, ndipo akapindika amenewa chithunzi chimagudubuzika kapena kusoweratu.

Dzino lopindika limawongoka. Tengani cholembera chimene mwachotsa inki, kapena kapanira kozulira nsidze, muliwongole pang'onopang'ono. Mukalikoka mwamphamvu lithyoka, ndipo likathyoka wayayo watha. Koma mukawerenga n'kupeza timano 14, losowalo lili mu mzere wapakati ndipo palibe chitsa chosonyeza kuthyoka, musadandaule. Mawaya ambiri amapangidwa opanda dzino la nambala 9.

Anzathu a ku Senga Bay, Chipoka ndi kwina konse m'mbali mwa nyanja ali ndi vuto lowonjezera. Chinyontho chimadya tizitsulo, timachita dzimbiri kapena kubiriwira, ndipo chithunzi chimabwera ukagwedeza waya, ukamusiya chimachoka. Tsukani timanoto ndi mswachi wouma, zulani ndi kulowetsa kangapo kuti dzimbiri likhululuke, kenako mangani tizomangira tonse tiwiri ndi zala. Musamange ndi pulayazi. Tsatiraninso waya yense ndi dzanja kuchokera kumutu mpaka kumutu unzake. Makoswe amakonda kutafuna mawaya kuseri kwa tebulo, ndipo mwendo wa mpando ukamupondaponda amaduka m'kati kunja akuoneka wabwino.

Pogula VGA wina sankhani wonenepa, wokhala ndi timibulu tiwiri pafupi ndi mitu. Timibuluto timachepetsa kusokonezedwa ndi mawaya a magetsi oyandikana nawo. Woonda wotchipa uja amapereka zilembo zokhala ndi mthunzi kumanja kwake, makamaka akakhala wamtali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mawaya a HDMI ndi DisplayPort kawirikawiri alibe za pinki ndi chikasu. Amagwira, kapena chithunzi chimazimazima, kapena pamaoneka timadontho tothwanima, kapena palibiretu. Awiriwa amafanana poyang'ana mwachangu, ndipo ndalandirapo ma CPU ophwanyika bowo chifukwa wina anakakamiza HDMI mu DisplayPort. HDMI ndi wosongoka ngodya ziwiri zam'munsi, DisplayPort ngodya imodzi yokha. Makompyuta ambiri a m'maofesi a Dell ndi HP amene amabwera ogwiritsidwa kale ntchito ali ndi DisplayPort ndi VGA, HDMI alibe. Waya wa DisplayPort nthawi zambiri ali ndi kaloko, ndiye dinani pamutu pake musanakoke. Mukangokoka mumazula ndi bowo lomwe.

Mwasintha waya, mwayesa monita pa laputopu ya mnzanu yagwira, koma pa CPU yanu ikulembabe "No Signal". Ndiye kuti wodwala ndi CPU. Dinani Caps Lock pa kiyibodi muone ngati kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima. Ngati sikakuyankha, fani ikungozungulira, mwinanso mukumva kulira kwa "bii, bii, bii", kompyuta sinadzuke n'komwe. Kuno kwathu kawirikawiri ndi RAM, kabolodi kakatali ka m'kati mwa CPU kosungira zimene kompyuta ikugwira panthawiyo, imene yalowa fumbi, makamaka kuyambira nyengo ya mwera mpaka Okutobala. Zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, tsegulani chivundikiro cha m'mbali. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo, kenako kankhirani kunja tizogwirira ta m'mbali mwa RAM, iyo idzuka yokha. Pukutani timano take tagolide ndi labala wa pensulo, uzirani, muibwezere mpaka imveke kuti "kha" mbali zonse. Zikakhala ziwiri, yesani imodziimodzi. Kompyuta zambiri zimene zimabwera pa shopu panga zitalembedwa kuti zafa zimadzuka pamenepa.

Nkhani ya maadaputa osinthira waya ndiyofunika kuikhalira pansi, chifukwa apa ndi pamene ndalama zambiri zikutayikira. Munthu ali ndi laputopu ya HDMI ndi monita yakale ya VGA. Amapita kumsika, amagula waya wooneka bwino, mutu wina HDMI wina VGA, akafika kunyumba zii. Chifukwa chake n'chakuti VGA ndi HDMI amayankhula zinenero zosiyana, ndipo pamafunika womasulira pakati, kachipangizo ka magetsi kobisika m'kabokosi kapena m'mutu wa waya. Waya wopanda kachipangizoka sangagwire. Chinanso, womasulirayu amayenda njira imodzi. Adaputa ya HDMI kupita ku VGA imatenga chithunzi ku laputopu ya HDMI kupita ku monita ya VGA basi. Ngati muli ndi CPU yakale ya VGA ndipo mukufuna kuonera pa TV ya HDMI, mukufunika ina, ya VGA kupita ku HDMI, imene imabwera ndi kawaya ka USB kotengera moto ndi kena ka mawu, poti VGA sanyamula mawu. Chimodzimodzi waya wa DisplayPort kupita ku HDMI: DisplayPort ikhale ku kompyuta, HDMI ku sikirini. Mukatembenuza sagwira. Pogula muuzeni wogulitsa momveka kuti, "Bwana, kompyuta yanga ili ndi bowo ili, sikirini ili ndi ili," mumuonetse zithunzi za mabowo onse awiri pa foni. Ngati n'kotheka nyamulani laputopu mukayesere pomwepo.

DVI, wa mutu woyera waukulu, alipo wa mitundu iwiri. Yang'anani pa bowo la kompyuta, pambali pa kampata kopingasa. Ngati pali timabowo tinayi tozungulira kampatako, kamutu kotchipa kosinthira ku VGA kagwira. Ngati palibe, sikagwira, mufunika adaputa yokhala ndi womasulira uja. Koma DVI kupita ku HDMI waya wamba amakwana. Pa malaputopu atsopano samalaninso ndi USB-C. Sikuti bowo lililonse la USB-C limatulutsa zithunzi, ena ndi a mafayilo ndi kutchaja kokha. Lotulutsa zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi kachizindikiro ka mphenzi kapena ka chilembo D pambali pake.

Amene mumachititsa misonkhano m'maholo a ku Senga Bay, pulojekita ikakana musayambe ndi kutuma munthu kukafuna waya wina. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate. Ngati inasiyidwa pa Extend, pakhoma pamangooneka chithunzi chakumbuyo chopanda kanthu pamene inu mukuona zolemba zanu pa laputopu. Ikasiyidwa pa Second screen only, sikirini ya laputopu ndi imene imada bii. Mawu akasowa mutangolowetsa HDMI, ndiye kuti Windows yawatumiza ku monita kapena pulojekita yopanda masipika. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kudzanja lamanja mubwezere ku masipika a laputopu.

Pali vuto lina limene ndi la monita yeniyeni. Mukayatsa chithunzi chimabwera masekondi awiri kenako mdima, koma kagetsi kakadali kobiriwira kapena kabuluu. Zimitsani nyale ya m'chipinda, yandikizani tochi pa sikirini chammbali. Mukaona zilembo mwa chizimezime, ndiye kuti chithunzi chilipo, azima ndi magetsi ounikira kumbuyo kwa sikirini. Chizindikiro china ndi monita imene m'mawa imafuna kuidina kakhumi kuti iyake, ikatenthedwa n'kumagwira bwino, ndipo tsiku lililonse nthawi yodikira ikuwonjezeka. Kawirikawiri amakhala makapasita a pa bolodi ya magetsi, timigolo ting'onoting'ono timene timatupa pamwamba tikatopa. Kutentha kumawakalambitsa msanga, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa, makamaka m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Amisiri okonza ma TV ndi mawailesi pamsika amatha kuwasintha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi monita ina. Koma musatsegule nokha. Kapasita yaikulu ya m'menemo imasunga moto woposa mavoti 300 ngakhale mutazula pulagi. Ndipo mukapeza bwino, musamaphimbe monita ndi nsalu ikugwira ntchito. Nsalu ya fumbi ija iikidwe mukazimitsa. Mzere wowongoka wosachoka kuyambira pamwamba mpaka pansi, umene ukuonekabe ngakhale mutazula waya wa kompyuta, kapena banga lakuda ngati inki yotayika, ndiye galasi lawonongeka. Limenelo silikonzeka mopindulitsa.

Zilembo zikamaoneka zofufuma kapena nkhope za anthu zotambalala, monita sinakalambe ayi. Sikirini iliyonse ili ndi muyeso wake, monga 1280x1024 pa zija zokhala ngati bokosi za mainchesi 17 ndi 19, kapena 1366x768, 1440x900 ndi 1920x1080 pa zotambalala. Dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu, lowani mu Display settings, musankhe muyeso wolembedwa Recommended. Ngati muli pa VGA dinaninso batani la Auto pa monita, chithunzi chidzikonza chokha n'kudzaza sikirini. Mawu akuti "Out of Range" kapena "Input Not Supported" amabwera mukachotsa kompyuta pa sikirini yaikulu n'kuiika pa yaing'ono. Ibwezereni pa yaikuluyo kapena pa TV, tsitsani muyeso kufika 1024x768 pa 60Hz, kenako musamutse.

Ambiri tsopano tikugwiritsa sola ndi inveta. Mizere yoyendayenda pa sikirini ndi kulira kwa "ziii" mu adaputa zikamabwera pa inveta kapena jenereta pokha, pa magetsi wamba n'kumasowa, vuto ndi moto wosasalala wa ma inveta otchipa. Talikitsani waya wa VGA ndi mawaya a inveta, ndipo ngati zida zanu zili ndi HDMI kapena DVI samukirani kumeneko, mizereyo imatha. Bokosi la CPU likamakunyerenyetsani mukaligwira, nyumbayo kapena ekisitenshoniyo ilibe waya wa ethi. Itanani wa zamagetsi, musazolowere. Pamalo otero kulowetsa HDMI zida zili zoyaka kutha kuotcha bowo, ndiye zimitsani zonse kaye.

Za mausi ndi kiyibodi n'zachidule. Zikasiya kugwira yesani mabowo a USB akumbuyo, chifukwa akutsogolo amafa msanga ndi kulowetsalowetsa mafulashi. Za mutu wozungulira zakale zija, wapepo ndi wa kiyibodi, wobiriwira wa mausi, ndipo zimafuna kulowetsedwa kompyuta ili chizimire. Mausi yopanda waya ikamadumphadumpha sinthani batire, ndipo kachidutswa kake ka USB musakagundanitse ndi fulashi kapena hadi disiki ya pa bowo labuluu, chifukwa USB 3.0 imasokoneza mafunde ake. Pa tebulo lagalasi kapena lonyezimira ikani pepala pansi pake. Pulinta imene imaoneka n'kusowa, onani kutalika kwa waya. USB wamba akapitirira mamita 5, kapena mukalumikiza awiri, imayamba kudukiza. Koloko ya kompyuta ikamabwerera m'mbuyo magetsi akangozima, mpaka masamba a pa intaneti kumakana kutseguka, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032 ka m'kati mwa CPU, kamene kamapezeka kwa ogulitsa mawotchi.

Magetsi athu ndi a mavoti 230. Mamonita ambiri amalembedwa 100-240V ndipo savutika, koma ma CPU ena akale, makamaka amphatso ochokera ku America, ali ndi kabatani kofiira kuseri kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230 musanalowetse pulagi, apo ayi muona utsi nthawi yomweyo. Mapulinta a leza ochokera kumeneko ambiri ndi a 110-127V okha, werengani chomata kaye.

Magetsi akazima zimitsani soketi kukhoma, akabwera dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike. Amene mungathe gulani gadi ngati ija timaika pa TV, yomwe imachedwetsa yokha, kapena UPS, bokosi la batire lopereka moto magetsi akazima, ngati ntchito yanu ndi yotayipa. Koma mvula ya Disembala mpaka Malichi ikayamba kugunda cha ku nyanja, gadi ndi swichi sizokwanira, chifukwa mphenzi imalumpha kampata ka swichi. Zulani pulagi yeniyeniyo. Zulaninso waya wa netiweki ngati akuchokera ku nyumba ina, ndi HDMI ngati kompyuta yalumikizidwa ku TV ya dishi kapena ya eriyo ya padenga, poti moto wa mphenzi umatha kudzera kumeneko n'kufika pa kompyuta imene mwaizula kale kukhoma. Lachisanu poweruka ku ofesi kapena potsekera sukulu chitani zimenezi ngakhale kumwamba kuli kowala.

Ngati mwayesa zonsezi ndipo mwaganiza zobwera nayo kwa ife okonza, nyamulani monita, waya wa zithunzi, waya wa magetsi ndi adaputa yake, zonse m'thumba limodzi. Pa kabaza muiimike, galasi liyang'ane pachifuwa panu, pakati muike katoni kapena pilo.